Otsata M'mbuyo ku Magalies

Alendo ogona pa nyumba imene Fridah ankagwirako ntchito ku Rosebank anali ndi funso losatha. Akatopa ndi misewu ya Joni ankabwera kukhitchini n'kumufunsa ngati kuli phiri lapafupi loti munthu akwere, agone usiku umodzi, mawa lake abwerere. Fridah, mayi wa ku Chipata amene anakulira m'munsi mwa mapiri, ankayankha kuti sakudziwa, mpaka yankholo linayamba kumunyansa. M'nyengo yozizira ya 2004 anaganiza zokawapeza yekha malowo, kuti ayambe kuperekeza alendo, asiye kuchapa zofunda za anthu.

Anauza mlamu wake Ezekiel, mwamuna wa mng'ono wake Matildah. Ezekiel anabadwira mu Joni momwemo, mwana wa Mmalawi wa kumigodi, ndipo Chichewa chake chinkatsamira pa Chizulu. Anavomera msanga, koma njira sankaidziwa. Oidziwa anali a Yakobo, bambo wachikulire wa ku Ivory Park, kumene Ezekiel ankakhala, amene anagwirapo ntchito m'mafamu a m'mphepete mwa mapiri a Magalies. Fridah anawaona koyamba pa renki ya matekisi m'mawa wa ulendowo, ndipo mtima wake unawakana. Anali osalankhula, maso ofiira, chikwanje chokulunga m'saka chili kukhwapa.

Tekisi inawatsitsa pa msewu wafumbi. A Yakobo anakalankhula ndi kapitawo wa famu, iye n'kuwatsegulira geti, ndipo anayamba kukwera. Udzu unali wouma, wofika m'chiuno. Ezekiel ananyamula tenti, Fridah zakudya ndi kamera imene abwana ake anamubwereka.

Pamphambano iliyonse a Yakobo ankawerama n'kusanjika miyala. Akatero ankacheuka, n'kuyang'ana kumbuyo nthawi yaitali.

"Miyalayo ndi ya ndani, abambo?" Fridah anafunsa.

"Ndi yanu. Ulendo wina simudzasochera."

Ezekiel anachepetsa liwiro mpaka anafanana ndi Fridah. "Madala awa sindikuwamvetsa, sisi," ananong'ona. "Munthu amaikira zizindikiro amene akubwera pambuyo."

Fridah anasuntha kamera kuiika pansi pa chikwama.

Malo oyamba anali pansi pa mitengo yaminga. Panali pabwino, koma panali mabotolo osweka ndi phulusa latsopano, ndipo magalimoto ankamveka. Fridah anawakana. Anapitirira, nakwera mtunda wamiyala mpaka pamwamba, pamene utsi wa Joni unkaoneka ngati mtambo wakuda kutali. Apo Ezekiel anapatuka, akuti akuona ngati foni ikugwira, ndipo anakalankhula kuseri kwa thanthwe. Atabwerako anati anali a kuntchito.

Kenaka anatsikira m'mpata wakuya pakati pa makoma a miyala. M'katimo munali mtsinje woyera, dziwe, ndi mchenga wosalala wokwana matenti angapo. Fridah anagwada n'kumwa, mtima uli mbee. Awa ndiwo anali malo.

Anyani anayamba kukuwa pamtunda umene anachokera. A Yakobo anaimirira osagwedezeka. Fridah anatsata maso awo, ndipo pakati pa miyala anaona anthu awiri akutsika, opanda chikwama, opanda ndodo. M'modzi atazindikira kuti ali poyera anagwada msanga.

Fridah anabwerera m'mbuyo, kutalikira chikwanje chija. "Anzanu afika, abambo."

"Ndinawaona tisanapite patali ndi geti," a Yakobo anatero, mawu ali pansi. "Pamphambano yomaliza miyala ndinaisanjika molozera njira yolakwika, yopita kudamu. Iwo sanaitsate. Abwera molunjika kuno. Ndiye si miyala ikuwatsogolera."

A Yakobo anayang'ana Ezekiel. Ezekiel anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Mukufuna kunena chiyani, madala? Mwina ndi abusa a ng'ombe. Tigone pompano, tili atatu, chikwanje tili nacho."

A Yakobo anapukusa mutu. "Ng'ombe sizilowa muno. Tikhome tenti, tikoleze moto, zikwama tisiye. Kuseri kwa dziweli kuli mng'alu wokwerera pa thanthwe. Kukayamba kuda tikwere."

Fridah anawayang'ana onse awiri. Wina akufuna kuti akhale pamchenga kudikira anthu osawadziwa, wina akufuna kumulowetsa m'mng'alu wamdima. Anatambasula manja onse awiri.

"Abambo, chikwanje. Alamu, foni."

"Hawu, sisi, ngakhale ine?"

"Ngakhale inu. Ndipo nonse mutsogole, ine ndikhala pambuyo."

Anachita monga a Yakobo ananenera. Moto unayaka, mphika wa tiyi uli pamafuwa, tenti itaima ngati muli anthu. Dzuwa litabisala kuseri kwa khoma anazembera kudziwe, madzi ozizira akuwaluma m'miyendo, nalowa m'mng'alumo. Unali wopanikiza moti mapewa ankakhula mbali zonse. Anakwera ndi mawondo ndi zigongono, akugwira mizu ya mkuyu. Mwala wina unaguluka pansi pa phazi la Ezekiel, n'kudutsa pafupi ndi khutu la Fridah. Iye sanadziwe ngati inali ngozi, ndipo anangogwiritsitsa chikwanje.

Pamwamba panali kathanthwe kotulukira kunja ngati khonde. Anagona chafufumimba n'kusuzumira pansi.

Anthu aja anafika kuwala kusanathe. Woyamba anali ndi mfuti yaing'ono m'manja. Anazungulira tenti, naing'amba ndi mpeni, napeza mulibe munthu. Mnzake anakhuthula zikwama pamchenga, zakudya ndi zovala mbwee. Kamera sanaipeze, chifukwa Fridah anali ataimangirira pamimba ndi chitenje.

Wamfutiyo anaika dzanja pakamwa n'kuitana, mawu akugunda m'makoma.

"Zeke! Ukuphi, mfana?"

Ankafunsa kuti ali kuti, ndipo dzinalo ndi limene anzake a Ezekiel ankamutchula ku Ivory Park. Fridah anamva mlamu wake akusiya kupuma. Anaika chikwanje pamwala pakati pawo, nsonga yake italoza kwa mlamuyo, ndipo Ezekiel sanatsegule pakamwa.

Anthuwo anafufuza m'mbali mwa dziwe, m'modzi anafika mpaka pakhomo pa mng'alu n'kuunika ndi machesi. Pomwepo kumtunda kwa mpata kunamveka kulira kokhakhala, ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo. Anyani onse anakhala chete.

"Nyalugwe," a Yakobo ananong'ona. "Akubwera kudzamwa."

Apansiwo nawonso anamva. Anatola zikwama ndi mabulangete, nathamangira kumene anachokera, akupunthwa m'miyala. Moto unatsala wokha mpaka unazima.

Kutsika kunali kosatheka, chifukwa chilombocho chinali penapake pansipo. Anakhala pakathanthweko mpaka kucha, zovala zili zonyowa, mano akugundana. A Yakobo anatulutsa mtedza wokazinga m'thumba la jekete, nagawira Fridah, nagawiranso Ezekiel. Palibe anagona.

Kum'mawa kutafiira Ezekiel analankhula, nkhope ili pansi. "Ndi Thulani uja. Timamwera limodzi. Ndinangomuuza kuti tikupita kuphiri ndi kamera ya azungu. Kunali kudzitama chabe, sisi."

"Nanga pamwamba paja munkalankhula ndi ndani?"

"Anandiimbira. Anafunsa kuti tili pati. Ndinkayesa akungocheza."

"Munati ndi a kuntchito."

Fridah anamuyang'anitsitsa munthu amene anadya naye m'mbale imodzi zaka zonsezi, ndipo sanathe kuona ngati akuyang'ana chitsiru kapena wakuba. Anatembenukira kwa a Yakobo n'kuwabwezera chikwanje ndi manja awiri.

"Ndinakuganizirani zoipa, abambo."

"Mu Joni munthu wosakayika sakalamba," anatero a Yakobo. "Tiyeni. Njira ya dzulo sitiibwerera, akhoza kudikira pa geti."

Anawoloka phiri kulowera kumpoto, m'mimba muli pululu. Dzuwa litakwera anatulukira pa phanga lalikulu louma, loyang'ana kum'mawa, kasupe akutuluka pambali pake. Njira yofikako inali imodzi yokha, ndipo munthu wokwera ankaoneka ali kutali kwambiri. Fridah anaima pakhomo pake, nayesa ndi maso pogona anthu, pophikira, pokhala mlonda. Ngakhale anali wotopa anatulutsa kamera n'kujambula mbali zonse. Ezekiel anakhala pamwala chapatali, ndipo palibe anamufunsa maganizo ake.

Anatsikira pa famu ina. Mwini wake, mayi wachizungu wa nsapato zamatope, anawapatsa buledi ndi tiyi, namva nkhani yawo, ndipo anavomera kuti Fridah azibwera ndi alendo ake bola azidutsira pakhomo pake ndi kudziwitsa tsiku. Galimoto yonyamula malalanje inawatenga mpaka pa msewu waukulu.

Anafika ku Ivory Park madzulo. Matildah, mimba ili patsogolo, anali pakhomo akuanula zovala. Ataona manja a mwamuna wake ali mabala okhaokha anataya beseni n'kulowa m'nyumba kukatenthetsa madzi.

Fridah anagwira mkono wa Ezekiel asanalowe. Anamuika foni m'manja.

"Thulani amadziwa khomo lino, ndipo mng'ono wanga amagona muno. Mumuuza nokha, kapena ndimuuze ine?"

"Sisi, ali ndi pakati."

"N'chifukwa chake ayenera kudziwa."

Ezekiel analowa n'kutseka chitseko. Fridah anakhala pa ndowa panja. Anamva mawu a Matildah akufunsa mwachangu, kenaka mawu a mwamuna otsika, aatali.

Chitseko chitatseguka anatuluka Matildah, atanyamula chikwama cha zovala, maso ali ouma.

"Kwanu kuli malo, akulu?"

"Alipo," Fridah anatero, namulandira chikwamacho. A Yakobo anatsogola, chikwanje kukhwapa, nawaperekeza mpaka pa renki.