Njira ya Oyenda Pansi

Lidali tsiku lachitatu Mtende osaoneka kusukulu. Diana ankangoyang'ana malo a mnzakeyo padesiki yawo mu Fomu 2, mtima uli m'mwamba. Mawu amene adayankhula Lolemba ankamubwererabe m'mutu.

Lolembalo aphunzitsi adayambitsa mtsutso pa lamulo latsopano la khonsolo, loti m'njira ya oyenda pansi yochoka kudepoti kukafika kumsika musakhalenso ogulitsa malonda, ndiponso kuti nyumba zomangidwa pamalo a msewu zigwetsedwe. Diana adaimirira mwamphamvu. Bambo ake, a Masamba, ndiwo ankajambula mapulani a malo kukhonsoloko chibwerere kuchokera ku Zomba, choncho nkhaniyo ankaimva tsiku ndi tsiku kunyumba.

"Anthu amenewa ndi amakani basi," adatero Diana. "Amadetsa tauni ndi makoko a nthochi. Ndipo amene adamanga pamsewu adachita dala. Achoke!"

Kalasi yonse idaomba m'manja. Mtende yekha ndiye adazolika, akukanda desiki ndi chikhadabo.

Ataweruka tsiku lachitatulo, Diana adafunsira njira ya kwa mnzakeyo. Chaka chonse ankagawana zitumbuwa pa buleki, koma kwawo adali asanapondeko. Adadutsa m'njira ija, yosesedwa bwino, yopanda ngakhale dengu limodzi, n'kukhotera kuseri kwa chigayo. Kumeneko adaona nyumba zinayi, iliyonse italembedwa X ndi penti yofiira pakhoma. Yakumapeto idali itasasulidwa kale malata. Panja padali Mtende, akumanga mbale m'chitenje.

"Mtende! Chachitika n'chiyani?"

"Tikuchoka, monga udanenera muja," adayankha osakweza mutu.

Diana adayang'ana nyumba yosasulidwayo. Nthawi yomweyo m'nyumbamo mudatuluka mayi wamtali atanyamula mphasa. Adali NyaGondwe, amayi ake a Mtende.

"Iwe ndiwe Diana uja? Yewo chomene pobwera, mwana wanga. Mnzakoyu amakutchula masiku onse." Adamupatsa nthochi ziwiri zochokera m'dengu lomwe lidali pakhomo. "Idya. Zikungopsa, pogulitsa palibe."

Adamufotokozera mofatsa, popanda mkwiyo. Zaka khumi ndi chimodzi adakhala akugulitsa nthochi m'njira ija. Nyumbayo adamanga ndi malemu amuna awo pamalo amene adagula kwa munthu wina, osadziwa kuti m'pamsewu. Tsopano ankabwerera ku Katowo, kwa alongo awo.

"Nanga sukulu?" adafunsa Diana.

"Amalume akuti ndiyambe ndawathandiza kumunda," adatero Mtende. "Zasukulu tidzaona chaka chamawa."

"Sindinkadziwa, Mtende. Bwanji sudandiuze?"

"Udandifunsapo?"

Diana adabwerera kwawo nthochi zili m'manja, zosadya. Adapeza bambo ake atangofika kumene, akuvula nsapato pakhonde. Adawauza zonse, misozi ikumudula mawu.

A Masamba adausa moyo. "Mwana wanga, lamuloli sitidaliike mwankhanza. Chaka chatha njinga yamoto idagunda mwana wa sitandade 3 chifukwa madengu adadzaza njira, anthu n'kumayenda mumsewu. Ndipo tidaitanitsa msonkhano kuti aliyense anene maganizo ake. Ogulitsa sadabwere."

"Udali tsiku lanji, ababa?"

"Loweruka m'mawa."

"Tsiku limene malonda amayenda? Amayi ake a Mtende dengu akadasiyira ndani? Nanga munakawaona kunyumba kwawo?"

A Masamba adaika pansi nsapato imene idali m'manja mwawo.

"Mawa undiperekeze," adatero pomaliza. "Kuli mapuloti ena kuseri kwa bwalo la mpira. Mwina komiti ingamve nditaipempha kuti mabanja amenewa alingaliridwe."

M'mawa mwake adalawirira, Diana atavala kale yunifomu. Koma atakhota pachigayo, pakhomo paja padali zii. Padangotsala zipupa ndi mafuwa atatu. Bambo wina wachikulire wa nyumba yoyandikana, a Manasseh, adawayandikira akutsimphina.

"Mukufuna a NyaGondwe? Anyamuka mbandakucha pa pikapu ya ku Katowo. Mtsikana uja amalira chomene. Mabuku ake wasiyira mdzukulu wanga, akuti iye sawafunanso."

Diana adalowa m'chipinda chopanda denga chija. Pakhoma padali ndandanda ya maphunziro yolembedwa ndi makala: Masamu, Bayoloje, Chichewa, tsiku lililonse ndi nthawi yake. Adakhala pansi pafumbi, yunifomu ili choncho, n'kuyamba kulira mosadzigwira.

A Masamba adaima pakhomo akuyang'ana khomalo. Kenaka adatembenukira kwa a Manasseh.

"Bambo, ine ndine Masamba wa kukhonsolo. Nyumba zinayi izi ndidazijambula ndine pamapu, koma sindidalowemo ngakhale imodzi. Eni ake a zitatu zatsalazi alipo?"

A Manasseh adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tilipo. Tapatsidwa mpaka kutha kwa mwezi."

A Masamba adavula chipewa, n'kupita pachitseko cha nyumba yoyamba.

"Odi kuno!"