Mtembo Wopanda Kwawo

Atikonda anamva za imfa ya mchimwene wake ali pamzere wogula magwinya, mandasi a ku Joni, pageti la sukulu ku Wonderkop. Mnyamata wina ankaonetsa anzake kanema pafoni: apolisi, magalasi a banki atamwazika, ndi munthu atagona chafufumimba pamsewu wa m'tauni ya Rustenburg. Onse ankakuwa kuti Kagiso Molefe, mbava imene inathyola mabanki asanu ndi awiri, yawomberedwa. Atikonda anayang'ana nsapato za wogonayo n'kuzizindikira. Sanalire. Anagula magwinya ake, n'kuwagwira m'manja mpaka anazizira.

Kunyumba munthuyo anali Lucius. Anabadwira ku Ntcheu, ndipo anabwera ku Joni ali mnyamata kudzatsata bambo ake, a Beston Chimwaza, amene anathera mphamvu zawo mumgodi. Lucius analowa pansi miyezi itatu yokha. Akuti iye sanali mfuko woti azikhalira kufukula dothi. Anagula chiphaso chabodza cha dzina la Kagiso Molefe, n'kuwotcha pasipoti yake ya ku Malawi pambaula, uku akuseka. Chitswana anachimeza msanga, moti akakumana ndi Amalawi mu teksi ankayang'ana kuwindo ngati moni sakuumva. Kwa zaka zisanu ankasintha magalimoto ngati malaya, ndipo ana a m'komboni ankaimba dzina lake. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Madzulo a tsiku limene Lucius anawomberedwa, mayi ake anaimba foni ali kumudzi.

"Kaya anaba, kaya anatani, ine ndinamubereka," anatero. "Abwere adzagone kumanda kwathu. Bambo a Lucius, mwandimva?"

"Ndamva," anayankha a Beston. "Abwera."

M'mawa mwake Atikonda anaperekeza bambo ake kumotchale kuti akawamasulire Chingerezi. Wantchito wa kumeneko anawakokera kabati yachitsulo. Atikonda anaona nkhope ya mchimwene wake, koma mumtima munali zii. Ankangomva kulira kwa mafiriji.

Mayi wa muofesi anayang'ana mapepala, kenako anayang'ana nkhalambayo.

"Akuti pepala likunena kuti uyu ndi Molefe wa ku Bethanie," anamasulira Atikonda. "Inu ndinu Chimwaza. Akuti mtembo wa Molefe sungadutse boda ngati wa Mmalawi."

"Lo mtwana ka mina!" a Beston anatulutsa Chifanakalo cha kumgodi, akudziguguda pachifuwa. Kenako anatembenukira kwa Atikonda. "Uwauze kuti ndi mwana wanga. Ali ndi chipsera pabondo. Anagwa mumtengo wa mapichesi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinamubereka ndekha kumsana mpaka kuchipatala."

Mayiyo anamvetsera mwaulemu n'kuyankha motsitsa mawu.

"Akuti chiyani?"

"Akuti pepani, Madala, koma chipsera si pasipoti."

A Beston anayenda m'maofesi milungu itatu. Kulikonse ankawauza zimodzimodzi: kuti dzina lisinthidwe pafunika kuyeza magazi, kukaonekera kukhoti, ndiponso umboni woti malemuyo anali Mmalawi. Umboniwo unali utapsa kalekale pambaula. Zonsezo zikanatenga miyezi, pomwe a kumotchale ankafuna malo. Pamapeto pake anawalola kumuika, koma ku Joni konkuno, ndi dzina la papepala.

Anamuika Loweruka masana. Amalawi a ku Wonderkop sadikira kuitanidwa kumaliro. Ngakhale a munthu amene sankamudziwa amadzaza mabasi. Koma tsikuli anakhala m'makomo mwawo. Ena ankaopa kuti apolisi akhala akujambula, chonsecho mapepala awo anatha. Ena sanaiwale za mu teksi. Anzake a Lucius ovala golide nawo sanaoneke ngakhale mmodzi. Panali a Beston, Atikonda, abusa, ndi a Jairos, mtchona wokalamba amene anagwira ntchito ndi a Beston pansi. Nyimbo anaiyamba a Jairos, koma inafera pakati chifukwa panalibe woilandira.

Nthawi yomweyo ku Ntcheu achibale ankaika thunthu la nthochi lokulunga m'nsalu, monga amachitira munthu akafera kutali. Dothi litakwiriridwa uku ndi uko, foni ya Atikonda inalira.

"Mwamaliza?" anafunsa mayi ake. Mawu awo anali atasasa ndi kulira.

"Tamaliza, Amayi."

"Amuikira mtanda?"

"Eya, wachitsulo."

"Tandiwerengera zimene alembapo, mwana wanga. Ndimve chabe."

Atikonda anayang'ana bambo ake. Iwo anali atazyolika, chipewa chili m'manja. Zimene zinali pamtandapo anazikopera kuchikalata cha imfa, ndipo panalibe china choti awerenge.

"Alemba kuti Kagiso Molefe, Amayi."



"Ameneyo ndani?" anafunsa mayi ake.