Zina Zonse Zikapanda Kusintha

Anakumana pa bolodi la zidziwitso, sabata yoyamba ya maphunziro a zachuma ku yunivesite. Mtsikanayo anzake ankamutcha Nduna, poti tsiku loyamba lomwelo anauza kalasi yonse kuti adzayendetsa chuma cha dziko. Mnyamatayo anali Kagilafu. Ameneyu ukangomufunsa chifukwa chake basi yachedwa, ankasolola cholembera n'kukujambulira gilafu ya mizere iwiri yopingasana.

"Achimwene, mutu wanuwo watseka ndandanda yonse," anatero Nduna.

"Pepani olemekezeka. Malo ndi ochepa, owafuna ndi ambiri, ndiye mtengo wakwera. Mulipire nambala ya foni."

Nduna anaseka mpaka kugwira pakamwa. Koma nambalayo anapereka.

Zaka ziwiri anawerengera limodzi mu laibulale, pa tebulo lapakona, pafupi ndi zenera lokana kutsekeka. Mphunzitsi wawo anali ndi mawu omalizira chiganizo chilichonse: "Mtengo ukakwera ogula amachepa, zina zonse zikapanda kusintha." Woiwala mawuwa pa mayeso ankataya malikisi. Kagilafu anawaloweza mpaka anamulowa m'magazi.

Tsiku lina foni ya Nduna inalira. Unali uthenga wa Kagilafu. "Duwa langa, ndidzakukonda mpaka muyaya, zina zonse zikapanda kusintha."

Anaseka yekha, uthengawo n'kuusunga.

Chaka chachitatu zinthu zinasinthadi. Mayi ake anagonekedwa m'chipatala, ndipo Nduna anakhala miyezi iwiri akuwadwazika, mabuku ali m'chikwama. Mayiwo anachira, koma mayeso anamugwetsa. Kalata inati abwereze chaka.

Anatsegulanso uthenga uja. Nthabwala ija tsopano inamulasa mumtima. Kodi si izi zasinthazi? Mnyamata wotsogola m'kalasi angadikire wobwereza? Anamulembera kuti: "Zasintha. Ndakumasula, usavutike." Kenako anatseka nambala ya Kagilafu, nalira mpaka maso kutupa.

Sukulu itatsegulira, Nduna anapita ku tebulo lapakona lija yekha, chikwama n'kuchikhazika pa mpando winawo. Manyazi anamugwira moti sankadzutsa mutu. Anangoona pepala likutera pa buku lake. Anali Kagilafu.

"Milungu isanu ndikuimba, Nduna. Kwanu ndinafika kawiri, azakhali ako n'kumati kulibe, nsapato zako ndikuziona pakhomo."

"Ukufuna chiyani? Unanena wekha."

"Ndabwera kudzakonza yankho langa. Ndinalakwa funso."

Pa pepalapo panali lonjezo lija, lolembedwa pamanja. Mawu omaliza anali atawakhwatcha ndi cholembera chofiira, ndipo pamwamba pake analemba kuti, "ngakhale zonse zisinthe."

"Mawu aja ndi a m'kalasi, mtima wanga. Dzanja linangozolowera. Ine chimene chandisinthira n'chakuti sindikudya, ndipo magilafu anga onse akuloza pansi."

Nduna anayesa kulimba nkhope, koma misozi inamuulula.

"Aphunzitsi akaona zimenezi akuchotsera malikisi."

"Achotse. Wochonga pepala ili ndiwe."

"Nanga chaka chathunthu? Iwe umaliza, ine ndidakali pano."

"Ndidikira. Manotsi anga onse ndabwera nawo, tiyambe lero. Dziko likudikira nduna yake, ine ndine ndani kuti nditope?"

Anamupatsa cholembera chofiira chija. Nduna analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, Kagilafu ali chiimire, thukuta lili kamukamu ngati wodikira zotsatira. Kenako analemba liwu limodzi pansi pake: "Wakhoza."

Ndipo anachotsa chikwama pa mpando uja.