Tsiku Limene Elisha Anati Wakhuta

Nyumba yathu ku Nangongwe inali ya mapemphero. Atate, a Titus, anali msodzi pa mtsinje wa Kafue, ndipo Amai ankaimba kwaya. Ine ndinalekeza sukulu panjira n'kumakasenza matumba ku Industrial Area kuti mng'ono wanga Elisha aphunzire. Tonse maso anali pa iye.

Dzuwa likaphwetsa madzi, kuseri kwa mabango kumatsala thamanda lalikulu. Mmenemo mumabisala tiana ta nsomba za mpende ndi milamba kudikira mvula. Atate sankaponyamo ukonde.

"Zisiyeni zikule," ankatero. "Ukadya mbeu, uzabyala chani?"

Elisha anayamba kujomba kusukulu n'kumakamwa kachasu ndi Morris, mwamuna wa maso ofiira amene analibe bwato koma sankasowa nsomba zogulitsa.

Atate anamuitana. "Iwe Elisha, uja munzako alibe ukonde. Nsomba azitenga kuti?"

"Ni mwayi wake, batate."

"Mwayi sununkha mankhwala. Choka kuli uja munthu."

Elisha sanamve. Miyendo ya Atate itatupa n'kuleka kupita kumtsinje, Morris anamutulutsira Elisha kabotolo m'thumba.

"Boi, mudala wako wakalambila pa ukonde, ali na chani? Ona aka. Ni kopopela tomato. Uthila mu manzi, wankhala pansi, nsomba zibwela zeka."

"Nanga banthu bakadya?"

"Uchosa matumbo, basi. Unamvelako ndani anafa?"

Elisha anathira mankhwalawo m'thamanda lija. Zonse zinayandama mimba kumwamba, mpende, milamba, tiana tosakwana chala, ngakhale achule. Akakowa amene anatola tiana tija anagwera m'matope. Elisha ndi Morris anasankha zikuluzikulu, nakagulitsa kwa Idah wa pamsika, zotsalazo n'kuzisiya ziwole.

Loweruka Atate analakalaka nsomba. Amai anapita pamsika, napeza za Idah zotchipa, nazikazinga. Atate akanaziona zili zaziwisi akanazizindikira, koma zinawafikira zili kale m'mbale. Elisha analowa masana, nasamba m'manja, nakhala pansi.

"Amai, izi nsomba mwagula kuti?"

"Kuli Idah. Idya, mwana wa sukulu."

Elisha anabweza dzanja. "Nakhuta."

Atate anaseka. "Kachasu ikhutisa masiku yano? Leta kuno uyo mutu, nizakudyela."

Elisha anakankha mbaleyo ndi dzanja lake lomwe. Anakhala pomwepo kuwaonerera Atate akukukuta mutu wa mlamba. Ankaopa chiyani? Ankaopa kukalipiridwa. Basi, kukalipiridwa!

Pamene ankandiitana kuntchito, Atate anali akusanza, thukuta lili kamukamu, dovu likutuluka kukamwa. Amai ankangomva m'mimba chifukwa anadya pang'ono, mnofu anasiyira amuna awo monga mwa masiku onse. Tinathamangira kuchipatala.

"Badya chani?" anafunsa namwino.

"Nshima na nsomba chabe," anayankha Amai. "Sista, bathandizeni, napapata!"

Elisha anali ataima pakhomo. Anadikira mpaka Atate atayamba kubanika, m'pamene anadzigwetsa pansi n'kuulula.

"Nine! Ni mankhwala ya tomato, ninathila mu manzi!"

Namwino anamuyang'ana. "Iwe mwana, nthawi yonse iyi unali pano?"

Anathamanga kukatenga jakisoni, koma Atate anatisiya dzuwa lisanalowe.

Pamaliro akuluakulu a mpingo anati ndi chifuniro cha Mulungu. Ine ndikukana. Mulungu sanatsekule kabotolo. Idah anabwera n'kudzigwetsa pansi akulira, pomwe nsomba zofewa mimba anazilandira ndi manja ake osafunsa. Anansi ankandinong'oneza kuti za Morris ankazidziwa kalekale. Munkadziwa? Ndiye munkadikira maliro a ndani kuti mulankhule? Morris anasamukira kumtunda kwa mtsinje, ndipo ndikumva kuti kumeneko nsomba zatchipa.

Elisha sukulu inathera pomwepo. Amangoyendayenda m'mbali mwa njanji, nsapato alibe, akulankhula yekha. Amai amamuikira chakudya pakhonde, iye amangochiyang'ana mpaka ntchentche zitadzaza. Amai amandipempha kuti ndimukhululukire poti ndi mwana wa m'mimba mwao. Ndimagwada kuti ndipemphere, koma ndimangoona dzanja lake likukankha mbale. Mwina tsiku lina ndidzatha. Lero ayi.

Inu achinyamata a mumpingo, ndalemba izi kuti zikuwaweni. Musathire mankhwala m'madzi. Mtsinje suusunga mlandu wa munthu, umaubweza kudzera pamsika mpaka pambale ya kwanu. Ndipo ukachimwa, ulula msanga ngakhale akumenye. Mng'ono wanga anaulula, koma Atate anali atameza kale.