Mmodzi pa Miliyoni

Lachiwiri pa 14 Malichi 2006, nthawi ili 8:20 m'mawa, wapolisi wofufuza milandu Rogers Tionenji analowa m'fulati ina ku Woolwich. Mwini wake, Morton Chiye, anali gone chagada m'khitchini, atazizira kale. Pamutu panali bala lotsukidwa bwino ndi kumangidwa bandeji.

Morton anali katswiri woyeza cheza cha nyukiliya. Fakitale yakale yamagetsi a nyukiliya ikamaphwasulidwa, iye ndiye ankawerengetsa ngati anthu oyandikana nayo angadwale.

Rogers anayamba wakayikira bwana wa kampani yophwasula fakitale ina yakugombe imene Morton anayeza. Anamupanikiza masiku awiri, osaphula kanthu. Tsiku la imfayo bwanayo anali ku Scotland, komanso lipoti limene Morton analemba la fakitaleyo linkamukomera.

Dokotala woyeza mitembo ndiye anatsegula njira.

"Wamanga bandejiyi ndi namwino," anatero. "Ndipo anayesetsa kumupulumutsa."

Womaliza kuimbira foni Morton anali Etta Paterson, namwino wa ku Barking, yemwe ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Lachisanu 2:10 masana, Etta anakhala moyang'anizana ndi Rogers m'chipinda chofunsiramo.

"Achemwali, Lolemba madzulo munali kuti?"

"Ku Woolwich, bambo. Sindikuvutitsani."

Anafotokoza maso ali patebulo. Mu 2001 anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba pafupi ndi fakitale yakugombe ija. Asanasamuke anakafunsa Morton ngati kunali kwabwino kwa mwana wake wamkazi, Mwayiwathu.

"Anati ndipite osaopa. Mwana ankasewera pamchenga tsiku ndi tsiku. Ndamuika m'manda mu Januwale, khansa ya m'magazi, zaka zisanu ndi zinayi."

"Ndiye munapita kukabwezera?"

"Ayi. Ndinkangofuna anene kuti analakwitsa. Iwo ananditulutsira mapepala, nkumati mwa anthu miliyoni ndi mmodzi yekha amene angadwale. Ndinawafunsa kuti mmodziyo ndiye wangayo? Anangoti chete. Ndinawakankha, iwo nkumenyetsa mutu pangodya ya tebulo. Ndinawamanga bala. Anatsirizikira pamiyendo panga, akunena kuti pepani."

Rogers analemba zonse.

"Bambo, ndifunse chimodzi," anatero Etta. "Manambala awo aja anali abodza eti?"

Rogers anali ndi kalata ya akatswiri awiri amene anaunikanso lipotilo. Akanatha kunena kuti sakudziwa.

"Anali olondola, achemwali. Cheza cha kumeneko chinali chochepa kwambiri. Akuti nkutheka kuti matendawo akanabwerabe ngakhale mukanakhala ku Barking."



"Ndiye ndawaphera chiyani a Morton?"

Rogers anazimitsa tepi yojambulira mawu nthawi ili 2:47, nkukhala naye pomwepo mpaka atasiya kulira.