Madiresi Awiri a ku Mtshabezi

Hector Kamanga ankaloza chilichonse ndi kiyi wa galimoto. Akafuna buledi m'sitolo, ankaloza ndi kiyi. Akamalongosolera munthu njira, ankaloza ndi kiyi. Galimotoyo sinali yake, inali ya kampani yonyamula alendo okaona mapiri a Matobo. Koma munthu akakulozera phiri ndi kiyi, umayamba kuganiza kuti phirilo ndi lake.

Mable anakumana naye mu 1981, podikirira basi mu Lobengula Street. Anali ataweruka ku fakitale ya zovala ku Belmont, komwe ankasoka makolala a malaya. Basi ya ku Sizinda inali itachedwa.

"Basi imeneyi yandikwana," anadandaula chapansipansi.

"Aa! Chinyanja pakati pa Bulawayo?" anatero mwamuna amene anaima pambali pake. "Chemwali, simuopa kuti akusekani kuti ndinu amaNyasa?"

"Nanga inu mwandimva bwanji?"

"Ine ndamva ndi mtima. Dzina langa ndi Hector. Lanu musandiuze, ndakupatsani kale lina. Ndinu Duwa."

Mable anaseka asakufuna. Basi itafika, sanakwere.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkamuchititsa manyazi Mable kuyambira ali kusukulu. Analibe kumudzi. Bambo ake, a Simeon Mbewe, anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo nyumba ya ku Sizinda inali ya njanjiyo. Tchuthi chikamayandikira, atsikana a ku fakitale ankangokamba za ekhaya, kwawo kumudzi: ng'ombe, mkaka wowawasa, mavwende.

"Wena Mable, ekhaya kwanu n'kuti?" ankafunsa Erica, wa pamakina oyandikana naye. "Kapena Khisimisi mukadyera pa njanji?"

Onse ankaseka. Mable ankangoweramira makolala.

Lamlungu lina Hector anabwera ndi galimoto ya kampani.

"Kwera, Duwa langa. Malo amene azungu ankadzionera okha, lero uwaone nawe. Dziko lamasuka!"

Anadutsa pakati pa miyala italiitali yosanjikizana, ina yokhala pamwamba pa inzake ngati igwa ukangotsokomola. Anyani anakhala m'mbali mwa msewu osawopa kanthu. Hector anamulowetsa m'phanga momwe anthu akale anajambula nyama ndi utoto wofiira, kenako anakwera naye thanthwe lalikulu, mbira zikuthawira m'ming'alu.

Atafika pamwamba, Mable anasuzumira kumunsi. Pansi panali chigwa cha Mtshabezi: mtsinje ukunyezimira pakati pa mikuyu, minda yobiriwira, ng'ombe zooneka ngati nyemba zomwazika.

Hector anatulutsa kiyi.

"Ukuona mudzi uwo? Nyumba zitatu zopaka dothi lofiira, khola kumbuyo? Ndi kwathu kumeneko."

"Kwanu? Zoona?"

"Kwathu, ine ndi iwe. Ndidzakumangira nyumba yachinayi, ya malata, zenera loyang'ana kumtsinje. Sadzakufunsanso munthu kuti ekhaya n'kuti."

"Akukhalapo ndani?"

"Mlongo wanga ndi ana ake awiri, atsikana. Mwamuna wake anafera ku nkhondo. Ine ndiye malume, mbumba yanga ndiisiyire ndani?"

Mable anamva kukoma. Mwamuna wosamala ana a mlongo wake, si ndiye mwamuna weniweni wa kwathu?

"Tiyeni titsike tikawaone!"

"Chinkhoswe chisanachitike? Ayi, sithandwa sami, wokondedwa wanga. Ndikufuna udzalowe pamudzi paja mwaulemu, osati ngati wongodutsa."

Lolemba Mable anauza fakitale yonse. Anatola nsalu zotsala, n'kusoka madiresi awiri achikasu okhala ndi makolala oyera, Hector n'kukapereka. Patapita masiku atatu Hector anasiya kakalata pachipata cha fakitale: "Duwa langa, ana avala ndipo akukana kuvula. Mlongo wanga akuti manja ako ndi odala. Mtima wanga uli m'thumba la epuloni yako, usauchape."

A Mbewe okha ndiwo sanasangalale.

"Mwanawe, ine ndakhala m'dziko lino zaka makumi atatu ndi zisanu. Sanandipatseko ngakhale poimika khasu. Mwana wa Kamanga wapeza bwanji mudzi ku Matobo? Mlongo wakeyo dzina lake ndani?"

Mable sankalidziwa dzinalo, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa.

"Ababa, inu mulibe kwanu. Mukufuna nanenso ndife wopanda kwathu?"

A Mbewe anaimirira. Kenako anatenga chipewa n'kutuluka. Komabe mawa lake anakapeza ankhoswe, ndipo chinkhoswe anachiika Loweruka lomaliza la Novembala.

Kutatsala sabata imodzi, Hector anapita ndi alendo ku mathithi a Victoria. Mable anaganiza yekha: mkazi angalowe banja osamudziwa mlamu wake? Lamlungu m'mawa anakwera basi pa depoti ya Renkini, shuga ndi masamba a tiyi zili m'kachikwama, duku kumutu.

Atatsika basi anayenda ola lathunthu. Chigwacho chinali chokongola kuposa mmene chinkaonekera pathanthwe. Anawoloka mtsinje nsapato zili m'manja, akudziuza kuti, "Apa ndi pamene ndizidzachapira."

Pabwalo panali atsikana awiri ovala madiresi achikasu. Mayi wina wamtali, woyembekezera, anatuluka m'khitchini akupukuta manja. Mable anagwada pansi monga achitira mtengwa.

"Salibonani, mama. Ndine Mable, wa ku Sizinda."

Mayiyo anayamba kululutira.

"Hawu! Babakazi! Ana inu, bwerani, azakhali anu afika! Mlongo wa bambo anu, amene anakusokerani madiresi!"

Ankayankhula Chindebele, ndipo Mable anamva liwu lililonse. Mlongo wa bambo anu?

"Dzukani, dzukani!" anatero mayiyo akumukoka mkono. "Mlongo wa mwamuna wanga angandigwadire ine? Kuno babakazi ndi bambo wamkazi. Wogwada ndine. Ine ndine MaDube, mkazi wa achimwene anu."

Anamukhazika pampando wokhawo wa m'nyumbamo. Pakhoma panali chithunzi: Hector atavala suti, MaDube atavala zoyera. MaDube anagwada ndi mimba yakeyo, n'kumusambitsa m'manja.

Nkhuku inaphedwa. Mable anaimva ikulira kuseri.

Akanatha kunena pomwepo. Pakamwa panali pake, mawu anali nawo. Koma akanayambira pati? Kuti mayi, ine ndine amene ndimati ndidzamange nyumba yachinayi pabwalo lanu?

"Malo ano ndi a bambo anga," MaDube ankacheza uku akupakula. "Hector anabwera kuno akuyendetsa lole, alibe kalikonse. Abale anga ankati, ukwatiwa bwanji ndi munthu wopanda kwawo? Ine ndinati, kwawo kudzakhala kuno. Tsono lero aone kuti ali ndi abale!"

Mable anatenga nthuli ya nkhuku n'kudya.

"Ndipo ndamva nkhani yabwino! Akuti Loweruka sabwera kuno, chifukwa akakhala pa chinkhoswe chanu. Mwamunayo ndi wabwino?"

"Amayankhula bwino," anatero Mable.

"Iii, samalani nawo oyankhula bwino!" MaDube anaseka mpaka kugwira mimba.

Potsanzikana anamupatsa mphasa yatsopano imene analuka yekha. "Ya m'nyumba yanu, babakazi. Mukandikumbukire." Anamuperekeza mpaka kumtsinje, ana akulimbirana kumugwira dzanja.

M'basi Mable sanalire. Anangokumbatira mphasayo, nkhope ikutentha ngati aliyense m'basimo akudziwa.

Lachinayi Hector anamudikirira pachipata cha fakitale, akumwetulira.

"Duwa langa! Ndakusowa ngati mvula ya Okutobala!"

"Mlongo wanu akupereka moni, achimwene."

Kumwetulira kuja kunazima.

"Wapita kumeneko? Unamuuza chiyani?"

"Funso lanu loyamba ndi limenelo?"

"Mable, tamvera. Uja ndi wa kumudzi, ndinamukwatira ndili mwana. Iwe ndiwe wa mtima wanga. Kumudzi ndi kumudzi, tauni ndi tauni. Ndikanakuuza chinkhoswe chikatha, ndikulumbira!"

"Nyumba ya malata ija mukanaimanga pamunda wa apongozi anu?"

"Usakweze mawu, anthu akumva."

Ankamvadi. Erica anaima pafupi ndi atsikana ena atatu, ndipo palibe amene anaseka. Mable akanakonda atsikanawo akanaseka.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake akukonza tcheni cha njinga pakhonde. Anagwada patsogolo pawo n'kufotokoza zonse, osasiyako kanthu.

"Ababa, mawu aja ndinakunenani aja..."

"Anali oona," anatero a Mbewe osadzutsa mutu. "Ndilibe kwathu. Koma sindinalozepo mudzi wa munthu wina." Anapukuta manja pa ovolosi. "Ankhoswe ndikawauza ndine. Iwe ukhale m'nyumba mpaka anthu aiwale."

"Sindikhala m'nyumba. Loweruka ndikubwerera ku Mtshabezi."

"Kukatani? Wapenga?"

"Mayi uja anandigwadira, ababa. Ali ndi pakati, anandigwadira, ine n'kungokhala pampando. Mpaka pano akudziwa kuti ali ndi mlamu ku Sizinda. Hector sadzamuuza. Akadzamva kwa anthu, adzati ndinapita kukamuseka."

"Akakutukwana. Mwina akakumenya, ndipo abale ake ali pomwepo."

"Akanditukwane. Ndinadya nkhuku yake."

A Mbewe anapukusa mutu, koma sanamuletse.

Mable analowa m'chipinda n'kutsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Kuseri kwa chitseko kunali malaya anayi a Hector amene anamusiyira kuti amuchapire asanapite ku mathithi. Anawapinda momwemo, ndi thukuta lake, n'kuwaponya m'chikwama. Mphasa anaikulunga bwinobwino, n'kuimanga pamwamba ndi chingwe.

"Basi yoyamba imanyamuka nthawi yanji ku Renkini?" anafunsa a Mbewe ali pakhomo.

"Sikisi koloko."

"Ndikakusiya pa njinga."

Mable anakoka zipi, n'kuika chikwamacho pafupi ndi chitseko.