Penti Pamwamba pa Ming'alu

Aphunzitsi atapereka ntchito yokonza chipinda chophunziriramo kwa Mphezi ndi Chitsulo, kalasi yonse inangoti kukamwa yasa. Awiriwa sankamwerana madzi chiyambire chisankho cha mtsogoleri wa kalasi, pomwe mavoti awo anafanana. Mphezi anali mtsikana wa pakamwa pakuthwa, Chitsulo mnyamata wosamva za mnzake.

Makoma a chipindacho anali ndi ming'alu, penti yakale ikusupuka ngati khungu la njoka. Aphunzitsi anawauza kuti agwirizane kaye choyamba kuchita, chotsatira chake komanso ntchito ya aliyense, chifukwa Lolemba makolo adzachitira msonkhano momwemo. Anawachenjezanso kuti penti yomwe sukulu inagula inali yongokwanira kupaka kamodzi.

Kukambiranako kunachitika Lachisanu, koma sikunapite patali. Chitsulo atangotsekula pakamwa, Mphezi anamudula.

"Ine sindingalamulidwe ndi munthu wolephera kuchapa kolala ya shati yake."

"Ndiye panga zako, ine zanga," anatero Chitsulo. "Tione amene achite manyazi."

Aliyense anakopa gulu lake. Loweruka Mphezi ndi anzake analawirira kuti awapite enawo. Sanapale penti yakale, sanamate ming'alu, anangopaka mpaka zitini zonse kuuma. Anachoka akuseka.

Masana Chitsulo anafika ndi anyamata ake atanyamula simenti ndi zopalira, n'kupeza makoma ali noninoni. Mnzake wina anati angobwerera, koma Chitsulo, mtima utawira, anati kumata ming'alu ndi ntchito yake ndipo aigwira basi. Anapala penti yaiwisiyo, namata simenti paliponse pomwe panali mng'alu. Makoma anasanduka mawangamawanga ngati nkhanga. Madesiki, omwe palibe anaganiza zowatulutsa, anadontheredwa penti ndi simenti yomwe.

Lolemba makolo analowa akuyang'ana uku ndi uku. Mayi ake a Mphezi atadzuka pa desiki, diresi lawo latsopano linali litamatirira penti kumbuyo. Bambo ake a Chitsulo anangozyolika. Aphunzitsi sanakalipe. Anangonena pamaso pa onse kuti penti ina palibe, ndipo ana aziphunzira m'chipinda chotero mpaka chaka chithe. Kenako anatchula amene anatsogolera ntchitoyo.

Kuyambira pamenepo anzawo anasiya kuwayankhula. Poweruka, awiriwo anatsala okha akupala madesiki, wina kutsogolo, wina kumbuyo.

"Amalume anga ali ndi penti yomwe inatsala popaka nyumba yawo," anatero Mphezi, osadzutsa mutu. "Simenti imatenga nthawi yaitali bwanji kuti iume?"

"Ukanandifunsa Lachisanu."

"Ndikukufunsa lero."

Chitsulo anayang'ana khoma lomwe analiwononga ndi manja ake. Anaika chopalira pansi n'kugwira mbali imodzi ya desiki yomwe Mphezi ankapala.

"Gwira uko," anatero. "Tiyambe tatulutsa madesikiwa."